Za Ciyambi ca Maphunziro a Ana Akhungu ndi Ogontha Pamodzi

Abale a m'mipingo ya ku Neno, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, mwa ana onse amene makolo amawasunga kuseri kwa nyumba, wosowa thandizo koposa ndiye uja amene sapenya, ndiponso samva. Wakhungu timuitana, nayankha; wogontha timkodola ndi dzanja, nadza. Koma uyu tidzamuitana ndi ciani? Ambiri amuyesa citsiru, ena ati analodzedwa, ndipo amace, atalema ndi kulira, angomdyetsa ndi kumsambitsa kufikira akula. Tifuna kulongosola umo anthu anapezera njira ya kulankhula naye mwana wotere, pakuti mbiri yace ikhudza dziko lathu lino.

Ku America, m'caka ca 1837, sing'anga Samuel Howe anayamba kuphunzitsa mtsikana Laura Bridgman pa sukulu ya akhungu ya Perkins. M'caka ca 1887 Anne Sullivan, amene anaphunzira pa sukulu yomweyo, anamka kwa Helen Keller, namthira madzi pa dzanja limodzi, nalemba dzina la madziwo ndi zala pa dzanja linzace, kufikira mwana anazindikira kuti cinthu ciri conse ciri ndi dzina. Helen anatsiriza maphunziro apamwamba mu 1904, nafika ku South Africa mu 1951. Mbiri yace yamveka ponse ponse, ndipo sitidzacedwapo.

Ticedwe pa mwana wina wosachuka, wa ku France, dzina lace Marie Heurtin, wobadwa mu 1885. Helen anapenya ndi kumva kufikira miyezi 19, koma Marie anabadwa wakhungu ndi wogontha, wosadziwa ngakhale liu limodzi. Atate wace anali mmisiri wosauka wopanga migolo. M'caka ca 1895 anamtengera ku Larnay, pafupi ndi mzinda wa Poitiers, kumene asisitere a Ana Akazi a Nzeru analera atsikana ogontha. Masabata ambiri mwanayo anapfuula, nadzigwetsa pansi, namenya ali yense womkhudza. Sisitere Marguerite, amene anapatsidwa kumsunga, anayang'anira kufikira anaona cinthu cimodzi cimene mwanayo anacikonda, ndico kampeni ka m'thumba kamene anadza nako kucokera kwao. Tsono anamlanda kampeniko. Marie napsa mtima. Anambwezera kanthawi, nagwira manja ace awiri, naceka lina ndi linzace monga mpeni uceka, namlandanso. Anatero kawiri kawiri, mpaka tsiku lina mwana anacita cizindikiroco yekha, ndipo pomwepo kampeni kanabwezedwa m'dzanja lace. Pambuyo pace panadza cizindikiro ca dzira, ca mkate, ndi za zipatso; panadza zilembo za zala, ndi malembo a akhungu a Braille. Sisitere Marguerite anamwalira mu 1910, ndipo Marie anathandiza kuphunzitsa ana ena onga iye, pamodzi ndi mng'ono wace Marthe, kufikira imfa yace mu 1921.

Asisitere amenewa ndi a banja limodzi ndi ansembe a Montfort, amene anafika ku Nzama mu 1901, namanga misyoni ya Neno mu 1906, zaka ziwiri isanayambike ya Matandani; ndipo asisiterewo anawatsata m'dziko muno posacedwa. Tizizwa pakuona kuti nzeru ya ku Larnay inatha pafupi zaka 100 isanaoloke nyanja, cinkana alongo ao a mwini nzeruyo anali pakati pathu. Sitiwatsutsa, pakuti masiku amenewo panalibe ngakhale sukulu zokwanira ana openya.

Nchito ya olumala inayamba kuno ndi makomo awiri osiyana. Ku Magwero, pafupi ndi Chipata m'dziko la Zambia, Mai Issie Hofmeyr wa misyoni ya Dutch Reformed anayamba kuphunzitsa akhungu mu 1905. Ella Botes anapitiriza nchitoyo zaka zambiri, ndipo mu 1955 anatsegula komweko sukulu ya ogontha. M'Malawi muno sukulu za akhungu za Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje zinayamba m'zaka za m'ma 1950. Dziko litadzilamulira, abulazala ocokera ku Holland anayamba kusula aphunzitsi a akhungu ndi a ogontha pa koleji ya Montfort ku Nguludi, namanga sukulu ya ogontha ya Maryview pambali pace. Zonsezi nzabwino. Koma wakhungu aphunzira ndi makutu, wogontha aphunzira ndi maso, ndipo mwana wosowa zonse ziwiri anatsala panja pakati pa makomo awiriwo. Khomo lace linatseguka itapita 2000, pamene asisitere a Atumiki a Maria Virgo Woyera anayamba kulandira ana otere ku Chisombezi m'boma la Chiradzulu.

Gwero la bvutoli lidadziwika kale. Mu 1941 sing'anga wa maso Norman Gregg wa ku Australia anaonetsa kuti mai akadwala cikuku ca rubella pa miyezi yoyamba ya pakati, mwana akhoza kubadwa ndi ng'ala m'maso. Ndipo kunapezekanso kuti nthenda yomweyo igonthetsa. Ena asanduka otere ndi nthenda youmitsa khosi kapena malungo ofika ku bongo. Kwa ena ciri ca m'mtundu, monga zinaoneka kwa Marie ndi Marthe. Katemera wa rubella anaphatikizidwa ndi wa cikuku m'Malawi mu 2017, ndiye cifukwa cace amai asajombe ku sikelo.

Kucokera ku mapiri a Dambe kufikira ku Chisombezi ndi ulendo wautali, wodzera ku Zalewa, Blantyre ndi Limbe, ndipo nyumba imodzi siingalandire ana a dziko lonse. Mphunzitsi akamva za mwana wotere, alembe dzina lace, nauze mlangizi wa zaumoyo, kuti akamuyese ku cipatala ca Neno kapena ca Lisungwi. Pakuti ambiri a iwo apenyako pang'ono kapena amvako pang'ono, ndipo ng'ala icotsedwa. Pakudikira zimenezo, afunse amace cimene mwana acikonda, kapena cikho, kapena nthoci, kapena nsaru imene agona nayo. Asankhe cizindikiro cimodzi ca cinthuco, ndipo a m'nyumba onse acicite mofanana m'manja mwace asanampatse. Womfika amkhudze poyamba pa phewa, namgwiritse cibangiri kapena cipsera cimene adzamdziwa naco, ndipo pocoka amtsazikenso ndi dzanja, kuti asatsale akulankhula ndi munthu amene wapita kale.