Lenzi Yakale ya ku Tokyo ndi Zithunzi za Agogo ku Ntchisi

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anthu a ku Japan anayamba kusunga mabuku ndi zikalata pozijambula pa timafilimu ting'onoting'ono, njira yomwe anaitengera ku America. Koma panali vuto. Magalasi a makinawo ankajambula bwino zilembo ngati zathuzi, a, b, c, koma zilembo zawo za kanji, zokhala ndi timizere tambirimbiri tothinana, zinkatuluka zitamatana, zosawerengeka. Kampani ya Nippon Kogaku, yomwe lero timaitcha Nikon, inagwirizana ndi katswiri wa pa yunivesite ya Tokyo, Zyun Koana, ndipo mu 1956 inatulutsa lenzi yotchedwa Micro-Nikkor. Ntchito yake inali imodzi basi: kujambula zinthu zing'onozing'ono chapafupi popanda kusokoneza kamzere ngakhale kamodzi. Kamera ya Nikon F itabwera mu 1959, lenzi ya mtunduwu ya 55mm inatsatira mu 1961.

Mwina mukuti, nanga za ku Tokyo zikutikhudza bwanji ife a ku Dowa ndi Ntchisi? Dikirani kaye.

Kwathu kuno kamera inabwera m'manja mwa alendo. Amishoni a Dutch Reformed Church anafika ku Mvera mu 1889, kenako anatsegula Kongwe mu 1894, ndipo zithunzi zakale kwambiri za dziko lino zambiri anajambula ndi amishoni ndi atsamunda. Iwo ndi amene ankasankha woti aime kutsogolo. Zathuzathu zinabwera pambuyo: za azibambo amene anapita ku Joni ndi ku Halale, atavala suti ndi chipewa, n'kutumiza kumudzi kuti abale aone kuti ali moyo. Kenako kunabwera ojambula apanjinga, oyenda m'misika, m'maukwati ndi m'masukulu. Unkalipira, iye n'kudikira kuti filimu idzaze, n'kupita nayo kutauni kukatsukitsa, iwe n'kumangodikira masabata. Musaiwale kuti Malawi analibe wailesi yakanema yake mpaka 1999. Kwa mabanja ambiri, nkhope ya agogo inatsala pa kapepala kamodzi m'sutikesi, komwe chiswe ndi chinyontho zikukadya pang'onopang'ono.

Filimu itatha mphamvu, malenzi akale anasanduka katundu wa m'kabati. Anadzukanso mu 2008, Panasonic itatulutsa G1, kamera yosinthika malenzi koma yopanda kagalasi kam'kati kaja. Sony inatsatira mu 2010. Chinsinsi chake ndi mtunda: lenzi ya Nikon F imafuna kukhala mamilimita 46.5 kuchokera pamene chithunzi chimagwera, pomwe kamera za Sony zoterezi zimasiya mamilimita 18 okha. Ndiye adaputa yake ndi kachitsulo chabe kodzaza mpata wotsalawo, kopanda galasi, kopanda waya.

Ine ndinapeza Micro-Nikkor 55mm f/3.5 ya m'ma 1970, yoperepeseka utoto, n'kuimanga pa Sony yogula kwa munthu. Palibe chodzichitira chokha. Umapotokola mphete ndi dzanja mpaka chithunzi chitawongoka, kabowo kolowetsa kuwala umasankhanso wekha.

Ndinayamba kuiyesa m'nkhalango ya Ntchisi, momwe akuluakulu amati Achewa ankabisala nthawi ya nkhondo za Angoni. Ndere za pa makungwa zinatuluka mochititsa kaso, kaulusi kalikonse pakepake. Koma agulugufe ndi maluwa anandivuta. Ukayandikira kwambiri, malo ooneka bwino amangokhala mamilimita ochepa, ndipo kamphepo ka m'phiri kakangogwedeza tsamba, zonse mbuu. Pa zithunzi khumi, ziwiri zokha n'zimene ndinasunga. Kunena zoona, pa chinthu chouluka lenzi yamakono imaiposa.

Mayeso achiwiri anali pakhonde pa azakhali anga, kufupi ndi Mponela. Ndinayala zithunzi zawo patebulo, pamthunzi kuti pepala lisanyezimire, kamera n'kuiimika pa miyendo yake itayang'ana pansi, kabowo pa f/8. Apa ndiye lenzi ija inafika kwawo. Ikayandikira mpaka pomaliza, pafupifupi masentimita 24, chinthu chimagwera pa sensa chili theka la kukula kwake, moti pa kamera yangayi kachithunzi ka pasipoti kamadzaza pafupifupi chithunzi chonse. Mizere ya m'mphepete siipindika, ndipo ngodya zimaoneka bwino ngati pakati, chifukwa anaipangira pepala. Foni yanga, pa kachithunzi komweko, inasalaza nkhope ngati yopaka mafuta.

Titakulitsa chithunzi china cha gulu la azibambo, azakhali anagwira pakamwa.

"Mwanangu, bwezera pamenepo. Awa akumapetowa ndi amalume athu, amene anapita ku Joni osabwerako."

"Mwawadziwa bwanji, azakhali?"

"Chipsera icho pachipumi. Zaka zonsezi ndinkangoona kadontho."

Anatchula mayina anayi mwa anthu asanu ndi awiri. Atatu enawo anati amene ankawadziwa anali agogo, ndipo agogo tinaika kale.

Apa ndi pamene lenzi imalekera. Imatha kutulutsa chipsera, batani la jekete, ngakhale chidindo cha situdiyo chofufutika kuseri kwa pepala, koma dzina siingakuuzeni. Dzina lili m'mutu mwa munthu wa zaka 70 kapena 80, ndipo iyeyo sadzatidikira kuti tipeze kamera yabwino.

Choncho, anzanga, mukapita kumudzi ulendo uno, pemphani kuti akutsegulireni sutikesi ija. Ngati pali mnzanu wa kamera ndi lenzi yotere, mutengeni. Ngati palibe, foni yomweyo igwire ntchito: pamthunzi, dzanja losagwedezeka, kutsogolo ndi kuseri komwe. Mukatero khalani pansi ndi eni ake, mufunse kuti uyu ndani, anajambulitsa kuti, chaka chanji, n'kulemba zonse m'dzina la fayiloyo. Tumizaninso kwa abale awiri kapena atatu, chifukwa foni nayo imabedwa.