Kuchokera pa Guwa Kukafika ku Nyumba ya Malamulo

Dziko la America lili ndi zigawo 50, chilichonse ndi bwanamkubwa wake komanso nyumba yake ya malamulo. Zambiri zokhudza munthu wamba zimagamulidwa kumeneko osati ku Washington: tsiku limene mwininyumba angatulutse wolephera lendi, amene alipirire wosauka akadwala, ngati mkaidi aphedwe kapena ayi. N'chifukwa chake aphungu akamakumana, m'makonde mwa nyumbazo mumadutsa abusa, ansembe, marabi a Chiyuda ndi mashehe, atagwirizana chimodzi, akugogoda pa zitseko za maofesi. Ife amene tinaona maepiskopi, a CCAP, a Anglican ndi Asilamu akukhala pamodzi mu Public Affairs Committee mu 1992 sitingadabwe nazo. Koma ku America njirayi aiponda kwa zaka zoposa 200, ndipo inayambira m'ndende.

Mu 1787 ndende ya Walnut Street mumzinda wa Philadelphia inali malo omvetsa chisoni. Amuna, akazi, ana, akuba ndi angongole ankaunjikidwa pamodzi, ndipo woyang'anira ankagulitsa mowa kwa akaidi omwewo. Chaka chimenecho anthu ena a mumzindawo anayambitsa bungwe lochepetsa masautso a m'ndende. Ena mwa iwo anali a mpingo wa Quaker, wapampando anali bishopu William White wa mpingo wa Episcopal, ndipo dokotala Benjamin Rush anali m'gulu la oyambitsa. Kuyendera akaidi ndi kuwapatsa zovala kunawaonetsa msanga kuti vuto linali m'malamulo, choncho anayamba kulembera nyumba ya malamulo ya Pennsylvania. Mu 1790 lamulo linasintha, akaidi n'kuyamba kulekanitsidwa, ndipo mu 1829 kunatsegulidwa ndende yatsopano ya Eastern State.

Apa m'pamene anthu abwinowa anapunthwa. Ankakhulupirira kuti wolakwa akakhala yekha ndi Mulungu wake alapa. Mkaidi polowa ankavekedwa chisaka kumutu kuti asaone nkhope ya mnzake. M'chipinda mwake kuwala kunkachokera pa kazenera kamodzi ka padenga, chakudya chinkadzera pa kabowo, chowerenga chinali Baibulo, ndipo zaka zinkatha osalankhula ndi mkaidi wina. Ena anapenga misala. Wolemba mabuku Charles Dickens atayendera ndendeyo mu 1842 anadzudzula nkhanza imeneyi poyera. Chifundo chimene sichibwerera kukaona zipatso zake chimatha kupweteka munthu yemweyo amene chinafuna kumuthandiza.

Kwa nthawi yaitali mgwirizano unali wa Apulotesitanti okhaokha. Mu 1908 mipingo yawo inapanga Federal Council of Churches, n'kuyamba kulankhula za malipiro oyenera ndi kuletsa kugwiritsa ana ntchito m'mafakitale. Akatolika ndi Ayuda ankakayikiridwa, ndipo aliyense ankalima munda wake. Chimene chinagwetsa mpanda ndi nkhondo yolimbana ndi tsankho. Mu Januwale 1963 atsogoleri a Chikatolika, Chipulotesitanti ndi Chiyuda anakumana ku Chicago pa msonkhano wa chipembedzo ndi mtundu wa anthu, ndipo ndi kumeneko kumene Rabi Abraham Joshua Heschel anadziwana ndi Martin Luther King.

Nkhani ya nyumba inayesa mgwirizanowu nthawi yomweyo. Mu 1963 California inakhazikitsa lamulo loletsa kukaniza munthu nyumba chifukwa cha khungu lake, lomwe analibweretsa phungu wakuda William Byron Rumford. Amalonda a nyumba anadzuka, ndipo mu 1964 anakonza riferendamu yolifafaniza. Atsogoleri ambiri a zipembedzo anachonderera anthu awo kuti lamulolo likhalebe, koma pafupifupi ovota awiri mwa atatu alionse analikana. Linadzapulumutsidwa ndi makhoti mu 1966 ndi 1967. Phunziro linali lowawa: mawu a mbusa pa guwa si voti ya anthu okhala pa mabenchi. Kuyambira pamenepo ntchito inatsikira pansi, kukhala yomvetsera mpingo ndi mpingo, khomo ndi khomo, motsatira njira ya bungwe la Industrial Areas Foundation lomwe Saul Alinsky anayambitsa mu 1940. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 mipingo ya kum'mawa kwa Brooklyn inasonkha ndalama, inakakamiza mzinda wa New York kupereka malo a mabwinja, n'kumangapo nyumba masauzande za mabanja opeza pang'ono. Anazitcha nyumba za Nehemiya, pokumbukira uja anamanganso malinga a Yerusalemu.

Nthawi yomweyo mlendo anagogoda. Nkhondo za ku El Salvador ndi Guatemala zinathamangitsa anthu ambiri, koma boma la America linkakana pafupifupi onse opempha chitetezo, n'kuwabweza kumene anathawa. Mlimi wina wa Quaker ku Arizona, Jim Corbett, anayamba kuwaolotsa chipululu. Pa 24 Malichi 1982, patatha zaka ziwiri ndendende Akibishopu Oscar Romero wa ku El Salvador ataphedwa pa guwa, mbusa John Fife analengeza kuti tchalitchi chake cha Southside Presbyterian ku Tucson ndi malo othawirako. Mabanja ankagona pansi m'tchalitchimo usiku, kukacha n'kupinda zofunda kuti mapemphero achitike. Matchalitchi ndi masunagoge mazanamazana anatsatira. Boma linatumiza akazitape m'misonkhano ya mapemphero, ndipo mu 1986 anthu 8, a Fife ali momwemo, anapezeka olakwa. Koma mbewu inali itagwa kale. Mu 1987 Oregon inaletsa apolisi ake kugwira ntchito yosaka anthu opanda mapepala, ndipo California inachita zofanana mu 2017. Chimene chinayamba ngati mphasa yoyalira mlendo chinakathera m'buku la malamulo.

Pa zaumoyo, mbiri imatchula Boston. Bungwe la Greater Boston Interfaith Organization linayamba ndi kufunsa anthu ake chimene chimawasowetsa tulo, ndipo yankho linkabwera limodzi: bambo wopanda inshulansi, mayi wosankha pakati pa mankhwala ndi lendi. Mbusa Hurmon Hamilton ndi Rabi Jonah Pesner anatsogolera anthu awo kutolera masiginecha masauzande ambiri pa makomo a matchalitchi, masunagoge ndi masitolo, kuti aphungu akazengereza nkhaniyo ipite ku riferendamu. Aphungu anaona kuti madzi afika m'khosi. Pa 12 Epulo 2006 bwanamkubwa Mitt Romney anasaina lamulo lopereka inshulansi pafupifupi kwa aliyense wa ku Massachusetts, ndipo lamulo la dziko lonse la 2010 linatengera pomwepo.

Si paliponse pamene zinayenda msanga. Ku North Carolina aphungu anakana kukulitsa Medicaid, thandizo la boma la chipatala kwa osauka. Mu 2013 mbusa William Barber anayamba kusonkhanitsa anthu a zipembedzo zosiyanasiyana Lolemba lililonse ku nyumba ya malamulo ku Raleigh, akupemphera ndi kuimba mpaka apolisi kuwamanga. Chaka chimenecho anamangidwa oposa 900, ndipo aphungu sanasunthe. Lamulolo linadzadutsa mu 2023, patatha zaka khumi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ku Florida nako, mu 2018 ovota anabwezera ufulu wovota kwa anthu oposa miliyoni imodzi amene anamaliza zilango zawo, zipembedzo zili m'gulu la ochita kampeni, koma chaka chotsatira aphungu analamula kuti munthu ayambe wamaliza kulipira chindapusa chonse, ndipo ambiri anatsalanso kunja.

Komabe zimene zapezeka n'zazikulu. Virginia inapha akaidi oposa 1,300 kuyambira m'nthawi ya atsamunda, koma mu 2021 inakhala chigawo choyamba cha kumwera kuthetsa chilango cha imfa, ndipo bungwe la Virginia Interfaith Center for Public Policy linali m'gulu la amene sanatope kugogoda. Mu 2023 California inalola matchalitchi, mizikiti ndi masunagoge kumanga nyumba zotsika mtengo pa malo awo popanda kutsekerezedwa ndi malamulo a m'tauni, kotero kuti bwalo loimikapo magalimoto lomwe limakhala mbee sabata yonse lingasanduke pogona.

Mbusa, rabi ndi shehe sagwirizana pa za kumwamba, ndipo pali nkhani zina za pansi pano zimene amasiyana kotheratu. Chowalumikiza n'chakuti onse amaika maliro a anthu amene anachedwa kupita kuchipatala, onse amayendera ndende, onse amatsegulira chitseko banja lotulutsidwa m'nyumba. Mphika wa mpingo umadyetsa munthu lero, koma lamulo ndi limene limagamula ngati mawa abwerenso ali ndi njala. Ine ndimakhulupirira kuti wachipembedzo amene waona zimenezi ndi maso ake alibe chifukwa chokhalira chete pamaso pa phungu.

Bungwe lija la mu 1787 lidakalipo, likutchedwa Pennsylvania Prison Society, ndipo likuyenderabe akaidi. Mu 2021 New York inakhazikitsa lamulo loti mkaidi asatsekeredwe yekha kupitirira masiku 15, ndipo pakati pa olimenyera panali bungwe la zipembedzo zambiri la National Religious Campaign Against Torture. Chitseko chimene opemphera anatseka mu 1829 ndi mtima wabwino, adzukulu awo m'chikhulupiriro ndi amene akuchitsegula tsopano, chifukwa sanaleke kubwerera kukaona munthu amene ali m'katimo.