Kuyeza mtunda pobwerera pansanja m'gemu ya Super Smash Bros.

M'magemu ambiri omenyana, monga Street Fighter ndi Tekken, wosewera amagonja mzere wa moyo wake ukatha. Super Smash Bros., gemu ya kampani ya Nintendo ya ku Japan, imayendera lamulo lina. Omenyana amaima pansanja yolendewera m'malere, ndipo wogonja ndi yemwe waponyedwa mpaka kupyola malire a bwalo, kaya m'mbali, kumwamba kapena kuphompho la pansi. Nkhonya iliyonse imawonjezera maperesenti a womenyedwayo, ndipo maperesentiwo akakwera, ngakhale kankhonya kochepa kamamuulutsira kutali.

Gemuyi idatuluka koyamba m'chaka cha 1999 pa makina a Nintendo 64, motsogozedwa ndi Masahiro Sakurai. Chiyambireni, gawo lalikulu la luso lake lili kunja kwa nsanja, kaamba koti woponyedwa kunja amakhala asanagonje malinga ngati angathe kubwerera. Osewera amatcha ulendo wobwererawu kuti recovery.

Pafupifupi womenya aliyense wa m'gemuyi ali ndi zida ziwiri zobwerera nazo. Choyamba ndi kulumpha kachiwiri ali m'malere. Chachiwiri ndi luso lapadera lomwe limatuluka wosewera akadina batani la B uku atakankhira m'mwamba kandodo kowongolera ka pakontrola. Kuyambira mu Super Smash Bros. Melee, yomwe idatuluka mu 2001 pa GameCube, padawonjezeka maluso a B wa cham'mbali, ndipo ena mwa iwo amathandizanso pobwerera. Vuto ndi lakuti ambiri mwa malusowa akatha, womenyayo amangogwa ngati thumba la chimanga: sangalumphe kapena kumenya kufikira ataponda pansi kapena atagwira m'mphepete mwa nsanja.

Woyamba kumene amaganiza kuti luso labwino ndi lofika patali kwambiri, motero nthawi zonse amalitulutsa ndi mphamvu zake zonse. Akatswiri amaona mosiyana. Malo otetezeka ndi m'mphepete mwenimwenimo, poti wogwira pamenepo amakhala kanthawi kochepa asakulasika. Wopitirira mphepetemo amatera pansanja ali wosakonzeka, mdani akumudikira ndi nkhonya yokonzeratu. Woperewera amagwera kuphompho. Pakati pa ziwirizi pali kampata kakang'ono, komwe womenya amagwira m'mphepete mutu wake usanatulukire pamwamba pa nsanja. Kampatako osewera amakatcha sweetspot.

Fox ndi batani lachiwiri

Chitsanzo chodziwika bwino cha kuyeza mtunda ndi Fox McCloud mu Melee. Fox, wochokera m'magemu a Star Fox, amawerengedwa pakati pa omenya amphamvu koposa m'gemuyi, ndipo ndiye adagwiritsa ntchito Leffen wa ku Sweden popambana mpikisano wa Evo mu 2018. Komabe Fox amagwa mwaliwiro kwambiri, moti akaponyedwa kunja nthawi yoganiza imamuchepera.

Luso lake la cham'mbali limatchedwa Fox Illusion. Amaima kaye pang'ono m'malere, kenako amadutsa ngati mphezi molunjika kutsogolo. Akangolisiya lokha, mtunda wake sumasintha, ndipo apa ndi pomwe pagona ngozi. Mdani wozolowera amadziwa pomwe Fox akathere komanso nthawi yomwe afike. Wosewera ndi Marth, yemwe lupanga lake limafika patali, amangoima m'mphepete n'kuponya lupangalo pa nthawi yake.

Komatu Melee imalola kufupikitsa ulendowu. Wosewera akadinanso B kachiwiri pomwe Fox akunyamuka, kuthamangako kumaduka panjira. Kuti munthu amvetse kuvuta kwake, ayenera kudziwa kuti gemuyi imaonetsa zithunzi 60 pa sekondi iliyonse, ndipo chithunzi chimodzi osewera amachitcha frame. Mpata wodinira batani lachiwirilo umatseguka pakadutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi chiyambire lusolo, ndipo umatha pa zithunzi zisanu zokha, komwe kuli gawo limodzi mwa magawo 12 a sekondi. Chithunzi chilichonse mwa zisanuzo chili ndi mtunda wakewake. Wodina pa choyamba amaima pafupifupi pomwe adali, pomwe wodina pa chomaliza amayenda ndithu koma osafika kumapeto.

Phindu lake likuonekera poyera. Marth akaponya lupanga poyembekezera ulendo wathunthu, Fox amaima lupangalo lisanamufike, n'kutsetsereka mpaka kugwira m'mphepete pomwe mdaniyo akubweza mkono. Ndipo mdani akangonamizidwa kamodzi, sakhalanso ndi chitsimikizo: ayembekezere ulendo wautali kapena waufupi? Kukayikako ndiye chuma chenicheni cha lusoli, mwinanso kuposa mtunda womwe wafupikitsidwawo.

Mtengo wake ndi wowawa. Kudina mochedwa kapena mofulumira kwambiri sikudula kanthu, Fox amangolowa m'lupanga lomwe amalithawa. Kudula msanga ali kutali ndi nsanja ndiye kudzipha yekha, popeza mu Melee Fox sachitanso china chilichonse m'malere lusoli likatha. Falco, mnzake wa Fox, naye amafupikitsa luso lake lofanana nalo lotchedwa Falco Phantasm, koma mpata wake umatseguka msangako pang'ono, zomwe zimasokoneza zala za wosewera yemwe amasinthasintha pakati pa awiriwa.

Luso la m'mwamba la Fox, Fire Fox, limayezedwa mwa mtundu wina. Fox amayaka moto ali chiimire m'malere kwa nthawi yosakwana sekondi, kenako amauluka kulowera komwe kandodo kaloza. Kutalika kwa ulendo sikusintha, chomwe chimasintha ndi kupendekeka kwake. Wosewera akapendeketsa pang'ono amapita patali cham'mbali koma osakwera kwenikweni, akaimika amakwera koma osayenda. Khomo lomwe kandodo ka kontrola ya GameCube kamazunguliramo lili ndi ngodya zisanu ndi zitatu, choncho njira za pakati pa ngodyazo zimavuta kuzipeza mwachangu. N'chifukwa chake osewera ena amasema timipata tina pakhomopo kuti kandodo kazikakhazikika pomwe akufuna, ndipo mipikisano ikuluikulu ili ndi malamulo onena zosintha zomwe zikuloledwa pa kontrola.

Njira za omenya ena

Si onse amene amadula ulendo ndi batani. Mu Melee momwemo, Zelda akazimiririka ndi luso lake la Farore's Wind, mtunda womwe amakatulukira umadalira momwe kandodo kakankhidwira: kukankha mpaka kumapeto kumamufikitsa patali, kukankha mopepuka kumamutulutsa pafupi. Pikachu amathamanga kawiri ndi Quick Attack, koma ulendo wachiwiri umatheka pokhapokha walozedwa njira yosiyana ndi woyamba, ndipo wosewera akhoza kuusiya dala.

Ena amachita kusonkhanitsa mphamvu. Diddy Kong amafika patali malinga ndi nthawi yomwe wosewera wagwirizira batani migolo yake yamoto isanaphulike, koma nthawi yonseyo amakhala akutsika ndipo ali poyera. Luigi ndi Green Missile yake ali ndi vuto loseketsa: nthawi zina lusoli limaphulika lokha mwangozi n'kumuulutsa patali kuposa momwe mwini wake amafunira. R.O.B. amauluka ndi mafuta omwe amadzadzanso akaponda pansi, motero mwini wake amadina batani modukizadukiza posunga mafutawo.

Palinso omenya omwe mtunda wawo suli m'manja mwa wosewera yekha. M'magemu aposachedwa, luso la Lucario lotchedwa Extreme Speed limatalika pomwe maperesenti ake akukwera. Zimamveka ngati mwayi, koma wosewera wosasamala amapezeka wapitirira mphepete yomwe amailinga. Ness amawongolera kampira ka mphezi mpaka kamuombe yekha kumsana kuti auluke. Mu Super Smash Bros. Ultimate, akagunda munthu panjira ulendo wake umafupika, kotero mdani wolimba mtima amadziponya dala patsogolo pake, kulolera kupwetekedwa kuti Ness aperewere.

Zomwe zidasintha mu 2014

Gemu yomwe idatuluka mu 2014 pa Nintendo 3DS ndi Wii U idasintha malamulo a m'mphepete, ndipo Ultimate ya mu 2018 pa Nintendo Switch idawasunga. Mu Melee, wogwira m'mphepete amatsekereza mnzake, moti wobwerera amatha kuyeza mtunda molondola n'kupeza malowo ali ndi mwini kale. Kuyambira 2014, wofika pambuyo amachotsa yemwe adagwirapo. Izi zidapeputsa moyo wa wobwerera, ngakhale opanga gemuyi adasiya zithunzi ziwiri zoyambirira pogwira m'mphepete zomwe womenya amatha kulasidwa.

Fox naye adasinthidwa. Kudula Fox Illusion ndi batani lachiwiri kudachotsedwa, koma m'malo mwake lusoli silimusiyanso wopanda chochita m'malere: akhoza kulitulutsa kamodzi, kenako n'kutsatiza Fire Fox. Wosewera ndi Fox mu Ultimate amayeza mtunda posankha malo ndi msinkhu woyambira ulendowo, pomwe wa Melee, gemu yomwe mipikisano yake ikuchitikabe mpaka lero, akadali ndi zithunzi zake zisanu zija.