NAPOLO WA KU ZOMBA NDI MKAZI WA MCHIRA WA NSOMBA UJA

Ambiri mukundilembera ku inbox za mizimu ya m'madzi. Wina akuti mwana wake wamkazi walota akusambira, ndiye am'uza kuti ali ndi marine spirit. Lero tikambe mbiri kaye. Werengani mpaka kumapeto musanathamangire ku ma comment.

Inu a kuno ku Domasi mukudziwa kuti mtsinje wathu umatsika pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa n'kukathira m'nyanja ya Chilwa. Amishoni a ku Scotland anatsegula Domasi Mission m'chigwa chimenechi mu 1884. Tsono funsani agogo aliyense wa kuno kuti chimene chimaopsa m'madzi a m'mapiri amenewa n'chiyani. Sakuuzani za mkazi wa tsitsi lalitali wogwira galasi, ayi. Akuuzani za Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamukira kunyanja chimang'amba nthaka n'kutenga miyala, mitengo, nyumba ndi anthu omwe.

Mu December 1946, Zomba ili likulu la Nyasaland, kunagwa mvula yoposa mamilimita 700 masiku awiri asanakwane. Mbali za phiri zinagumuka, Mulunguzi anasefukira, milatho inakokoloka, anthu anafa. Azungu analemba kuti ndi chigumula. Anthu akumudzi anati Napolo wadutsa, ndipo a Paseli Brothers anaimba nyimbo yotchedwa Napolo imene mpaka lero imadziwika. Mu March 1991 phiri la Michesi linakhuthukira pa Phalombe n'kupha anthu mazanamazana. Mu March 2023, nthawi ya Freddy, matope anatsika ku Soche n'kukwirira Chilobwe, ndipo dzina lomwe lija linamvekanso pakamwa pa anthu.

Mwaona? Napolo samabwera nthawi ya dzuwa la October. Amabwera dothi la paphiri likakhuta madzi mpaka kulephera kugwira miyala, ndipo amadutsa m'makhwawa. Makolo athu analibe mawu a ku Chancellor College, koma njira zake ankazidziwa, ndipo akati "apa m'pa njira ya Napolo" munthu sankamangapo.

Nanga mkazi wa mchira wa nsomba uja anachokera kuti? Kwawo ndi kugombe la kumadzulo kwa Africa, kumene amati Mami Wata. Anthu a kumeneko anali ndi mizimu yawo ya m'mitsinje kuyambira kale, koma maonekedwe a theka munthu theka nsomba akufanana ndi zifanizo zimene zinkabwera ndi zombo za ku Ulaya. Chithunzi chotchuka chija cha mkazi atakulunga njoka m'khosi chinasindikizidwa ku Hamburg, ku Germany, m'zaka za m'ma 1880. Anali mkazi wosewera ndi njoka pa chionetsero basi! M'zaka za m'ma 1950 anachisindikizanso ku Bombay, amalonda n'kuchimwaza m'misika ya Africa.

Abale athu amene anagwidwa ukapolo anaoloka nyanja ndi nkhani zawo za m'madzi. N'chifukwa chake ku Jamaica kuli River Mumma wa chipeso chagolide, amene amati amakhala mu mtsinje wa Rio Cobre. Ku Haiti kuli Lasirèn, ku Suriname Watramama. Pafupi pano, anzathu a ku Zimbabwe ali ndi njuzu, ndipo mu 2012 nduna yoona za madzi, a Sam Sipepa Nkomo, inauza aphungu kuti antchito athawa pa madamu ena poopa zimenezi.

Kuno kwathu mkazi ameneyu wafika mochedwa. Wabwera ndi mabuku a maumboni a ku Nigeria, monga la Emmanuel Eni la kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kenako mafilimu aja tinkaonera mu ma video show. Ife a mipingo ya Chipentekoste tinamulandira msanga kuposa wina aliyense.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti mdierekezi kulibe. Pemphero ndi pemphero, ndipo ziwanda timatulutsa m'dzina la Yesu. Koma mtima umandiwawa ndikaona mtsikana wa zaka 15 akugudubuzidwa pansi pamaso pa mpingo chifukwa ndi wokongola ndipo walota mtsinje, ndi chizindikiro chimene tinachitenga mufilimu. Mawa kusukulu anzake amuthawa, ndipo dzina limenelo silichoka. Pamenepo bambo ake omwewo akudula mitengo m'mbali mwa Malosa kuotcha makala, n'kumanga nyumba m'khwawa limene agogo ake ankalilambalala.

Inu amene muli ndi agogo amene anaona 1946, pitani mukakhale nawo pansi sabata ino. Akuonetseni pamene madzi anadutsa, ndipo mulembe maina a makhwawawo mu ma comment, mvula isanayambe.