Magetsi Poyamba, Liwiro Pambuyo: Mbiri ya Kompyuta Zolumikiza Zotsika Mtengo Kuchokera ku Lilongwe Kufika kwa Dambe

Luso lolumikiza kompyuta kuchokera ku zipangizo zogulidwa padera linayamba kufalikira m'chaka cha 1981, pamene kampani ya IBM ya ku America inatulutsa makina ake a padesiki ndi kusindikiza poyera mmene zigawo zake zimalumikizirana, zomwe zinapatsa makampani ena mpata wopanga zipangizo zoti zikhoza kulowa m'malo mwa za IBM. Mu 1995 kampani ya Intel inakhazikitsa muyezo wotchedwa ATX, umene unalongosola kukula kwa motherboard, lomwe ndi bolodi lalikulu limene zigawo zonse zimalumikizidwapo, ndiponso mmene magetsi ayenera kulowera m'bolodilo, kotero kuti munthu wamba ankatha kugula bolodi kwa wogulitsa wina, ndi bokosi kwa winanso, zonsezo n'kugwirizana. Masewera a pakompyuta, amene achinyamata amawatchula kuti magemu, ndiwo anakulitsa malondawa, makamaka pamene kampani ya 3dfx inatulutsa khadi yojambula zithunzi ya Voodoo mu 1996, ndi pamene Nvidia inatulutsa GeForce 256 mu 1999. Kuyambira nthawi imeneyo, chizolowezi cha m'mayiko olemera chakhala chakuti wolumikiza makina a magemu amayamba ndi kusankha khadi ya zithunzi yamphamvu imene thumba lake lingakwanitse, kenaka n'kusankha zina zonse motsatira khadiyo.

Ku Malawi luso limeneli linalowera khomo lina. Intaneti ya malonda inayamba mu 1997 ndi kampani ya MalawiNet, ndipo m'zaka zimenezo kompyuta zinkapezeka makamaka m'mabanki, m'maofesi a boma, m'mabungwe othandiza ndi ku Yunivesite ya Malawi. Zimene zinafika m'manja mwa anthu wamba pambuyo pake zinali za kaunjika, ndiye kuti makina a Dell, HP ndi Lenovo amene maofesi a ku Britain, South Africa ndi kwina anali atawasiya, ndipo amalonda ankawabweretsa ku Blantyre, ku Limbe ndi ku Lilongwe. Chifukwa cha ichi, mmisiri wa kompyuta wa kuno sanaphunzire ntchito yake potsegula makatoni a zipangizo zatsopano, koma pophwasula makina awiri kapena atatu akufa kuti adzutsepo amodzi amoyo, ndipo nzeru yake yaikulu inakhala yodziwa chimene chikusunthika kuchoka m'bokosi ili kupita m'bokosi ilo.

Chitsanzo chomveka bwino cha nzeru imeneyi chinaoneka m'chipatala, osati m'nyumba ya magemu. Cha m'ma 2001, Gerry Douglas, amene anayambitsa bungwe la Baobab Health, anayamba kuika makompyuta ogwira ntchito pokhudza galasi ndi chala pachipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene tsopano ndi Kamuzu Central Hospital. M'malo mogula makina atsopano okwera mtengo, bungweli linasonkhanitsa timakina totchedwa I-Opener, timene kampani ya Netpliance inkagulitsa ku America pa madola 99 kuti anthu azilowera pa intaneti ali kunyumba, ndipo malondawo atagwa timakinato tinkapezeka motchipa kwa amene anatisiya. Akatswiri a Baobab anatiika galasi lomva chala, natikonza kuti tizilandira magetsi kudzera m'nthambo yomweyo yotumizira uthenga, magetsiwo akuchokera m'mabatire amene ankapitiriza ntchito ngakhale a ESCOM atazimitsa. Purosesa ya timakinato, chipangizo chimene chimachita masamu onse a makina, inali yofooka ngakhale pa muyezo wa nthawi imeneyo, koma tinkadya magetsi ochepa kwambiri ndipo tinalibe mbali zambiri zozungulira zimene fumbi likanaononga. Apa ndi pamene panaonekera mfundo imene ikuyenera kulemekezedwa koposa mmene imalemekezedwera: m'dziko lino makina abwino si othamanga kuposa onse, koma amene amakhalabe oyaka.

Boma la Neno, limene linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, ndi malo amene mfundo imeneyi imayesedwa mokwanira. Dera la Mfumu Yaikulu Dambe lili kumapiri a kufupi ndi malire a Mozambique, kumene anthu amadalira ulimi wa mbatatesi, tirigu ndi chimanga, ndipo misewu yake yadothi yakhala ikuvuta kwa zaka zambiri m'nyengo ya dzinja, pamene m'chilimwe imafuka fumbi lolowa paliponse. Bungwe la Partners In Health, limene kuno limadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, linayamba kugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'bomali mu 2007, ndipo linabweretsa kalembera wa odwala wa pakompyuta wogwiritsa ntchito pulogalamu ya OpenMRS. Chipatala chaching'ono cha Dambe chinatsegulidwa mu 2016. Motero, monga zinalili ku Lilongwe, ntchito zaumoyo zinali pakati pa njira zoyambirira zimene kompyuta inakhazikikira m'bomali, ndipo mavuto amene aliyense woyatsa makina kumeneko amakumana nawo ndi amodzi, kaya akulemba dzina la wodwala kaya akufuna kusewera mpira wa pagalasi.

Vuto loyamba ndi magetsi. Ngakhale mtsinje wa Shire, umene uli m'malire a bomali, wakhala ukupukusa magetsi pa Nkula kuyambira 1966, kalembera wa anthu wa 2018 anapeza kuti m'dziko lonse ndi nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse zimene zinkaunikira ndi magetsi, ndipo namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, kuzima kwa magetsi n'kukhala kwa tsiku ndi tsiku. Kwa wachinyamata wa kwa Dambe amene angadalire sola, batire ndi inveta, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala onga a m'nyumba, funso loyamba si la liwiro koma la mawati, muyezo wa magetsi amene chipangizo chimadya. N'chifukwa chake makadi ena akale ali ndi malo aulemu m'mbiri imeneyi: GeForce GTX 750 Ti ya mu 2014 imadya mawati pafupifupi 60, ndipo GTX 1050 Ti ya mu 2016 imadya 75, moti mitundu yambiri ya makadiwa imakhutira ndi magetsi a m'kabowo kake ka pa bolodi popanda nthambo yapadera. Zimenezi ndi zimene zinachititsa kuti bokosi la muofesi la Dell OptiPlex, lokhala ndi purosesa ya Intel Core i5, lisanduke makina a magemu pongolowetsamo khadi, malinga wogula ataonetsetsa kuti khadiyo ndi yaifupi mokwanira bokosi lopyapyala. Njira ina inatseguka ndi mapurosesa okhala ndi mphamvu yojambula zithunzi m'kati mwake, monga Ryzen 5 5600G ya AMD ya mu 2021, imene imalola munthu kuyamba wopanda khadi n'kudzaigula ndalama zikadzapezeka.

Pali chipangizo chimodzi chimene ogula oyamba amakonda kuchinyoza chifukwa sichioneka pagalasi, chomwe ndi power supply, kabokosi kolandira magetsi a pakhoma n'kuwagawa ku zigawo zonse. Kumene magetsi amabwerera mwadzidzidzi atazima, ndiponso kumene mphezi zimagwa kawirikawiri m'mapiri, kabokosi kotchipa kosadziwika wopanga kangapsereze bolodi ndi khadi pa kamphindi, ndipo kuika khadi yodula pa kabokosi kotero kuli ngati kusenzetsa matumba a mbatatesi njinga yopanda mabuleki pamtsetse. Ndalama zimene zikanagula khadi yokwererapo zimagwira ntchito yaikulu zikagula power supply yodalirika ndi chotchinjiriza magetsi.

Vuto lachiwiri ndi ndalama zakunja, popeza palibe chipangizo chilichonse mwa izi chimene chimapangidwa m'dziko muno. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo izi zinadza pamwamba pa kusowa kwa makadi a zithunzi kwa m'zaka za 2020 ndi 2021, pamene okumba ndalama za pa intaneti ankawagula mwaunyinji. Ethereum, imodzi mwa ndalama zimenezi, itasiya njira yokumba imeneyo mu Seputembala 2022, makadi ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito anakhuthukira pamsika, ena atayaka usana ndi usiku kwa miyezi yambiri, motero wogula wanzeru amaumirira kuti khadi iyesedwe ndi gemu yolemera iye akuona asanapereke ndalama. Komanso Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo poti Windows 11 imakana mapurosesa ambiri a Intel akale kuposa m'badwo wachisanu ndi chitatu, makina otere ndi amene maofesi akunja akutaya, ndipo kutchipa kwake kuyenera kuyezedwa pamodzi ndi chilema chimenechi.

Zotsalazo ndi zosavuta. RAM, imene imasunga kwa kanthawi zimene makina akugwira, imathamanga bwino ikakhala timitengo tiwiri tofanana kusiyana ndi kamodzi kakakulu, ndipo SSD, chosungira chopanda mbale yozungulira, imapirira kugwedezeka kwa pamsewu wa ku Neno kuposa hard disk yakale. Poti magemu atsopano amalemera magigabaiti makumimakumi pamene bandulo ya pafoni ndi yodula, magemu amene azika mizu m'misika ya kumidzi ndi osafuna intaneti, monga mpira wa FIFA ndi PES umene anthu awiri amasewera pa galasi limodzi, ndipo mitundu yakale ya magemu amenewa siifuna khadi yamphamvu. Wachinyamata wa kwa Dambe amene akusonkhanitsa ndalama za makina ake oyamba ayambe wawerengera mawati amene batire lake lingapereke, agule power supply yabwino, ndipo khadi ya zithunzi aisankhe pomalizira.