Za Ulendo wa Namzeze ndi Dokowe

Pakufika mwezi wa October, pamene mitambo iyamba kuunjikana ndipo ife tili kusosa m'minda, timaona anamzeze ochuluka pamwamba pa madambo. Ena ndi akonkuno, amene amaumba zisa zadothi pansi pa tsindwi la tchalitchi. Koma ambiri ndi alendo. Amenewa sitinawaonepo ali kuumba chisa kapena kufungatira mazira m'dziko lathu, ndipo dzinja likatha angosowa. Kodi amamuka kuti?

Anthu a ku Ulaya anavutika nalo funso lomweli. Kwao namzeze amafika nyengo yofunda, naumba chisa m'khola la ng'ombe, naswa ana, nasowa pakuyamba chisanu. Zaka mazana ambiri anzeru ena kumeneko anaphunzitsa kuti mbalamezi zimalowa m'matope pansi pa thamanda ndi kugona momwemo kufikira chisanu chitatha. Tisawaseke msanga, pakuti ndani poona kambalame kotere akadayesa kuti kangaoloke nyanja ndi chipululu?

Umboni wodabwitsa unadza ndi mbalame ina. Chaka cha 1822, pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany, anthu anaombera dokowe woyera, ndipo anapeza mkondo wa ku Africa, wotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, uli chipyozere m'khosi mwake. Dokoweyo anauluka nawo ulendo wonsewo. Thupi lake alisunga kufikira lero kusukulu yaikulu ya Rostock.

Tsono mu 1899 mphunzitsi wina wa ku Denmark, dzina lake Mortensen, anayamba kuveka mbalame timphete tanambala kumwendo, kuti wozipeza adziwe kumene zachokera. Mwezi wa May 1911 John Masefield anaveka namzeze mphete yotere ku Staffordshire, m'dziko la England. Mu December 1912 namzeze yemweyo anagwidwa pafamu ina ku Natal, mtunda wa mailosi pafupifupi 6,000.

Mphetezo zinaululanso njira ya adokowe. Iwo amamanga zisa zamitengo pamatsindwi a nyumba za ku Ulaya, ndipo pobwera kuno amapewa nyanja yotakata: ena amadzera pa Gibraltar, koma ambiri amalambalala cha kum'mawa, napyola dziko lija mneneri Yeremiya anakhalamo, iye amene anatchula dokowe ndi namzeze kuti zimadziwa nyengo yake yakufika, natsata mtsinje wa Nile kulowa kummwera.