Utali wovomerezeka wa ngolo zokokedwa ndi galimoto

Lamulo la za pamsewu la Road Traffic Act la 1997 limaika ngolo iliyonse yokokedwa ndi galimoto m'gulu la magalimoto. Kotero ngolo yonyamula boti kupita ku Senga Bay, yonyamula galimoto yampikisano, ngakhale ya matumba a mpunga wa ku Lifuwu, iyenera kulembetsedwa ku nthambi ya DRTSS ndi kukhala ndi nambala yakeyake.

Malinga ndi muyezo wa mayiko a SADC, galimoto pamodzi ndi ngolo zake zisapitirire mamita 22, kuyeza kuchokera kumphuno kwa galimoto kufikira kumapeto kwa ngolo yomaliza. Katundu wosagawika wopyola muyezowu amafuna chilolezo chapadera ulendo usanayambe.

Eni ngolo ambiri ku Salima safika n'komwe pa mamita 22. Chimene chimawagwetsa m'mlandu ndi laisensi. Ya gulu B imalola kukoka ngolo imene kulemera kwake kovomerezeka, pamodzi ndi katundu, sikupitirira makilogalamu 750. Boti la injini kapena galimoto yampikisano ikakwezedwa pangolo, malirewa amapyoledwa mosavuta, ndipo woyendetsa amafunika laisensi ya EB.

Ngolo yaitali imadula ngodya pokhota, matayala ake n'kudutsa m'mbali momwe mumayenda anthu apansi ndi akabaza. Ngozi imeneyi ndi yaikulu m'makhotakhota a msewu wa M14 potsika kuchokera ku Lilongwe, ndiponso m'misika ya m'mphepete mwa M5. Katundu wotulukira kumbuyo amangiriridwe nsalu yofiira, ndipo magetsi a ngolo aziyaka limodzi ndi a galimoto.